Za Mzinda wa Zanzibar ndi Mtengo wa Karafuu

Pamene ndiphunzitsa ana a sukulu kuno ku Mikolongwe mbiri ya dziko lathu, dzina la Zanzibar limaturuka kawiri kawiri, ndipo anawo amalichula bwino lomwe pa mayeso; koma ndikawafunsa kumene kuli malowo, ndi cimene anthu a kwathu anakacita kumeneko, amangoyang'ana pansi. Inenso mphunzitsi wao ndinali kudziwa za m'buku zokha, kufikira mwezi wa Ogasiti caka ca 2023, pamene ndinapeza mpata wakukaona ndi maso anga. Ndinaturuka m'dziko muno pa mlatho wa Songwe, kuseri kwa Karonga, ndi kugona ku Mbeya, ndi kutsikira ku Dar es Salaam. Pamenepo ndinakwera combo cimene cimaoloka nyanja ya mcere monga maora awiri. Zimene ndinaziona ndi kuzifunsa ndizilemba pano, kuti aphunzitsi anzanga ndi owerenga ena apindule nazo.

Zisumbu zazikuru za dziko la Zanzibar ziri ziwiri, cina Unguja, cina Pemba. Mzinda wakale umene Azungu amaucha Stone Town, ndi eni ace Mji Mkongwe, uli pa gombe la kumadzulo kwa Unguja, popenyana ndi mtunda wa Afrika. Cimene cinakuza dooko limeneli ndico mphepo. Monga asodzi a ku nyanja yathu adziwa nyengo ya mpoto ndi nyengo ya mwera, momwemo amalinyero a kumeneko ali nazo mphepo ziwiri, kaskazi ndi kusi. Kaskazi iomba kucokera kumpoto ca kum'mawa kuyambira mwezi wa Disembala, ndipo inali kudza nazo ngalawa za matanga zocokera ku Arabia, ku Persia ndi ku India. Pofika Epulo mphepo itembenuka, kusi niyamba, ndi kubweza ngalawazo kwao zitasenza katundu. Cotero wamalonda anali kukhala pa dooko miyezi ingapo kulindira mphepo, ndipo ambiri anakwatira komweko, namanga nyumba, osabwereranso.

Mlendo wofika m'mzindamo asayese kuti adzayenda monga ayenda ku Limbe. Njira zace nzopapatiza, zina zosakwanira ngakhale ngolo, ndi zokhotakhota ngati njira za mbewa m'chire. Ndinasocera katatu tsiku loyamba, ndipo ponse pamene ndinafunsa anandiuza kuti ndingoyenda, ndidzaturukira ku nyanja. Nyumba ziri zosanjikizana pawiri ndi patatu, zomangidwa ndi miyala yoturuka m'nyanja ndi njereza, ndipo zipinda zace nzazitali koma zocepa m'mimba, pakuti mitanda ya denga inali mitengo yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja, imene siitalika kwambiri. Kunja kwa nyumba kuli mipando yomangira ku cipupa imene amaicha baraza, pamene amuna akhala madzulo ndi kumwa khofi, monga ife ticitira pa bwalo. Koma codabwitsa coposa ndico zitseko. Nzamatabwa olemera, zosemedwa maluwa, nsomba, mafunde ndi maunyolo. Zina nzozungulira pamwamba ndi zokhomedwa misomali yaikuru ya mkuwa, monga mwa mamangidwe a Amwenye, zina nzamangondya anai, ndi malembo a Ciluya pamwamba pace. Anandiuza kuti mwini nyumba anali kuyamba wasemetsa citseko, kuti wopita m'njira adziwe cuma cace asanamuone nkhope.

Pa gombe pali linga lakale, Ngome Kongwe, limene litikumbutsa za Apwitikizi. Tonse tinaphunzira kuti Vasco da Gama anazungulira Afrika nafika ku India m'caka ca 1498; koma kawiri kawiri tiiwala kuuza ana cimene anali kufuna. Anali kufuna tsabola wakuda ndi zonunkhira zina zokoleretsa cakudya, zimene ku Ulaya zinali za mtengo wapatali, popeza zinali kupyola m'manja ambiri zisanafike. M'caka ca 1503 Apwitikizi anakakamiza Zanzibar kupereka msonkho, nalamulira gombe lonseli zaka pafupi 200, kufikira Aluya a ku Oman anawalanda linga la Fort Jesus ku Mombasa m'caka ca 1698. Pambuyo pace Aluyawo anamanga linga la ku Zanzibar pa malo pamene panali chalichi ca Apwitikizi. Lero m'katimo muli ogulitsa nsaru ndi zosemasema, ndi bwalo la masewera.

Tsono ndinene za mtengo umene unasandutsa mudzi wa asodzi ndi amalonda kukhala mzinda wa mafumu. Pa Cinyanja tiribe dzina lace, pakuti sumera kwathu kuno. Aswahili amaucha karafuu, dzina locokera ku Ciluya, ndipo Angelezi amati clove, mau amene muzu wace utanthauza msomali, cifukwa kanthuko kakauma kamafanana ndi kamsomali kakang'ono. Ife tikalandira dzina la Ciswahililo liyenera kulowa m'gulu la fodya ndi tsabola, kuti tizinena karafuu wouma, karafuu wambiri; ndipo ndidzatero m'nkhani yino. Kwao kweni kweni kwa mtengowu ndi ku zisumbu za Maluku, m'dziko limene tsopano lichedwa Indonesia. Adachi ataulanda malondawo anauchinjiriza ndi nkhanza zedi, nadula mitengo ya pa zisumbu zina kuti mtengo wa malonda usatsike. Koma m'caka ca 1770 Mfalansa wina, Pierre Poivre, anatumiza anthu amene anaba mbande ndi kufika nazo ku Mauritius. Ndipo kucokera ku zisumbu za Afalansa zimenezo Mluya wamalonda, Saleh bin Haramil, anadza nazo ku Unguja pakati pa zaka za 1810 ndi 1820.

Amene anaona phindu lace msanga ndiye Seyyid Said bin Sultan, mfumu ya ku Oman. Iye analanda minda ya Saleh, naoketsa mitengo yambiri, nafulumiza nduna zace kucita comweco. Ndipo m'caka ca 1840 anasamutsa likuru lace kucoka ku Muscat kudza ku Zanzibar. Taonani cinthu cacilendo: mfumu kusiya dziko la makolo ace ndi kukakhala pa cisumbu ca kutali cifukwa ca malonda. Anapangana ndi Amereka m'caka ca 1833, ndipo ngalawa zao zinadza ndi nsaru yoyera imene Aswahili anaicha merikani, nsaru imene inafika ndi ku mapiri athu omwe. Misonkho ya pa dooko anaipereka m'manja mwa Amwenye amalonda, monga a nyumba ya Jairam Sewji, amenenso anali kukongoza katundu kwa otsogolera maulendo a kumtunda. Pomwalira Seyyid Said m'caka ca 1856, Unguja ndi Pemba zinali kuturutsa karafuu wocuruka koposa maiko ena onse pamodzi.

Alendo onse amatengedwa kukaona minda ya zonunkhira kunja kwa mzinda, ndipo inenso ndinapita pamodzi ndi Azungu asanu ndi mmodzi. Mnyamata wotitsogolera anali wocenjera ndi waulemu. Anali kuthyola tsamba, kulifikisa m'manja, ndi kutinunkhiza kuti tichule dzina lace, ndipo alendowo anakondwa ngati ana. Ine ndinaima nthawi pansi pa mtengo wa karafuu. Ndi mtengo wokongola, wamasamba onyezimira, wofika mapazi 40 kapena kuposa, ndipo suyamba kubala usanathe zaka 6 kapena 7. Cimene acifuna si cipatso ai, koma duwa lisanamasule. Likayamba kufiira liyenera kuthyoledwa masiku omwewo, pakuti likamasula lataya mtengo wace. Ndipo palibe makina ocita nchitoyi, koma munthu akwere kufikira ku nsonga za nthambi zosakhwima, nathyole ndi dzanja. Madzulo apatula timaluwato ku mapesi ace, m'mawa ayanika pa mikeka masiku anai kapena asanu kufikira tidetsedwe. Aliyense amene anathyolako tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje adzazindikira kuti mbeu yotere ifuna manja osawerengeka pa nthawi imodzi.

Pamenepo ndinamfunsa mnyamatayo, ndinati, Nanga masiku a Seyyid Said anali kuthyola ndani? Iye anayankha, Anchito. Ndinati, Anchito ocokera kuti? Anandipenya, nafunsa kwathu. Ndipo nditanena kuti ndine wa ku Malawi anatsitsa mau, nati, Bambo, ngati muli Mnyasa mudziwa kale. Sindimtsutsa mwanayo, pakuti alikusaka cakudya cace, ndipo alendo amene alipira kuti anunkhize masamba safuna kumva za goli. Koma ife sitiyenera kuleka funsolo.

Manja amene anathyola karafuu anali a akapolo, ndipo ambiri a iwo anacokera ku maiko ozungulira nyanja yathu. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Mswahili, anakhazikika ku Nkhotakota nachedwa Jumbe, namanga ngalawa zakuolotsa minyanga ya njobvu ndi anthu kumka tsidya lija. Kucokera kumeneko ulendo unali kuyenda pansi kupyola dziko la Ayao kufikira ku Kilwa, ndipo ku Kilwa anali kuwalonga m'ngalawa za ku Zanzibar. Mafumu a Ciyao, monga Mataka, Makanjira ndi Mponda, anakula ndi malonda omwewo. Kazembe wa Angelezi ku Zanzibar, Rigby, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 a ku dziko la Nyasa lokha anali kupyola pa nyumba ya msonkho ya cisumbuco caka ndi caka. Ndipo amenewo ndi okhawo amene anafika amoyo. Ena anatsala m'minda ya Unguja ndi Pemba, ena anagulitsidwanso kumka ku Mombasa, ku Lamu ndi ku Arabia. Pano tisadzinyenge ndi kunena kuti alendo okha ndiwo anacita ici. Mluya sanali kudziwa njira za m'midzi mwathu. Amene anagwira mnzace pa nkhondo, kapena kupereka mwana wamasiye kulipira mlandu, kapena kusinthana munthu ndi nsaru, mikanda ndi onga m'caka ca njala, anali wakuda mnzathu, wolankhula monga ife.

Owerenga amene akonda za cinenero cathu adzafuna kudziwa za mmodzi wa anthu otengedwawo. Dzina limene anampatsa ku gombe ndilo Salimini. Anagwidwa m'dziko la Acewa, ca ku dera la Lilongwe, ndipo m'caka ca 1853 mmishoni wa Cijeremani, Johannes Rebmann, anakomana naye pafupi ndi Mombasa, m'dziko limene linali pansi pa Seyyid Said. Rebmann anamva kuti munthuyu alikulankhula cinenero cacilendo, nakhala naye pansi ndi kulemba mau ace limodzi limodzi, pamodzi ndi miyambi ndi maina a midzi ndi mitsinje ya kwao. Buku limene linaturukapo, Dictionary of the Kiniassa Language, linasindikizidwa m'caka ca 1877, ndipo liri m'gulu la mabuku oyamba onse osonkhanitsa mau a cinenero cathu. Cotero Cinyanja cinalembedwa ku gombe la nyanja ya mcere, kuturuka m'kamwa mwa kapolo, Livingstone asanaone nyanja yathu.

Malo amene ndinakhalitsa koposa ndiwo Mkunazini, pamene panali msika wotsiriza wa akapolo. Msikawo unatsekedwa ndi pangano la pa 5 Juni 1873, limene Sultani Barghash, mwana wa Seyyid Said, analibvomera ataopsezedwa kuti ngalawa za nkhondo za Angelezi zidzatsekereza dooko lace. Amene anamkakamiza ndiye John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone pa Shire, naona naye nyanja ya Chilwa ndi nyanja yaikuru m'caka ca 1859. Mapiri a Kirk Range a kumadzulo kwa Shire achedwa ndi dzina lace. Tikumbukenso kuti m'mwezi wa Epulo 1872 namondwe woopsa anagwetsa mitengo yambiri ya karafuu pa Unguja, ndipo kuyambira pamenepo Pemba ndiye anatsogola pa mbeuyi. Eni minda anafuna manja atsopano akuokanso, cotero malonda a anthu sanathe tsiku lomwelo. Anangobisala, nayenda usiku.

Pa malo a msikawo paima tsopano chalichi cacikuru ca Anglican, Christ Church, cimene mwala wace woyamba unaikidwa pa Khirisimasi wa 1873. Amene anayang'anira nchitoyo ndiye Bishopu Edward Steere, amene anamwalira m'caka ca 1882 naikidwa kuseri kwa guwa. Ndipo amanena kuti guwalo liri pamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. Polowa m'menemo mtima wanga unabwerera kwathu ku Chiradzulu, pakuti mishoni imene inamanga chalichi cimeneci, ya U.M.C.A., inayambira m'boma lathu lino. M'mwezi wa Julaye 1861 Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie, pokwera kucokera ku Shire, anakomana pa mudzi wa Mbame ndi ulendo wa akapolo 84, nawadula magoli. Amenewo sanali kumka ku Zanzibar ai, koma ku Tete, pakuti kuno ku mapiri njira za akapolo zinali zingapo. Ndi anthu omasulidwawo Mackenzie anamanga pa Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, m'dziko la mfumu Chigunda. Nchitoyo siinakhalitse. Amishoniwo analowerera nkhondo ya Amang'anja ndi Ayao. Mackenzie anafa ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi mathiriro a Ruo, mnzace Burrup anafera pa Magomero mwezi wotsatira, ndipo otsalawo anatsikira kwa Chibisa. Bishopu Tozer, wolowa m'malo, anaona kuti sangathe kukhala, nasamutsira mishoni ku Zanzibar m'caka ca 1864.

Pa cipilala cina ca m'chalichimo papacikidwa mtanda waung'ono, wosemedwa ndi mtengo umene pansi pace anakwirira mtima wa Livingstone kwa Chitambo, m'dziko la Zambia. Alendo amaujambula nachula dzina la Livingstone. Ine ndinakumbuka Chuma. Iyeyu anali mnyamata wa Ciyao, mmodzi wa ana amene anamasulidwa kuno m'caka ca 1861 ndi kukhala pa Magomero. Livingstone anamtenga kumka naye ku Bombay m'caka ca 1864, ndipo m'caka ca 1866 ananyamuka naye ku Zanzibar pa ulendo wotsiriza. Atamwalira Livingstone pa 1 Meyi 1873, masabata asanu okha msika usanatsekedwe, Chuma ndi Susi ndi anzao anaumika mtembo, nausenza mtunda woposa mamailo 1,000, nafika nao ku Bagamoyo m'mwezi wa Febuluwale 1874. Pambuyo pace Chuma anatsogolera maulendo a Steere ndi a Joseph Thomson, namwalira ku Zanzibar m'caka ca 1882, asanakalambe. Ndinayang'ana m'zipupa zonse, ndipo maina a Azungu ndinawapeza ambiri.

Pafupi ndi chalichi amaonetsa zipinda ziwiri za pansi pa nthaka, zamdima ndi zotsika denga, nanena kuti m'menemo anali kutsekeramo akapolo. Ena ophunzira mbiri akaika mau amenewa, popeza nyumba ya pamwamba pace inamangidwa msika utatsekedwa kale. Ndipo ine ndiyesa kuti coonadi ca malo amenewa ncolemera cokha, cosafuna kuonjezerapo. Kunja kuli dzenje m'mene muima anthu asanu osemedwa, omangidwa unyolo m'khosi, nchito ya mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, ya m'caka ca 1998. Nkhope zao nzonga za anthu amene tikomana nao pa msika wa kwathu.

Za nyumba zina ndingochula mwacidule. Beit al-Ajaib, ndiko kunena Nyumba ya Zodabwitsa, inamangidwa ndi Barghash m'caka ca 1883, ndipo inali yoyamba pa cisumbupo kukhala ndi magetsi. Mbali yace ina inagwa pa 25 Disembala 2020, ndipo ndinaipeza yotseka. Patsogolo pace ndi pamene ngalawa za Angelezi zinaomba mizinga pa 27 Ogasiti 1896, pocotsa Khalid bin Barghash amene anadzilonga ufumu popanda cilolezo cao. Nkhondoyo siinakwane ngakhale ora limodzi, koma anthu monga 500 a mbali ya Khalid anafa kapena kulasidwa. Zanzibar inali italowa kale m'citetezo ca Angelezi m'caka ca 1890, caka cimodzi dziko lathu lisanalowe, koma lamulo lakuthetsa ukapolo pa zisumbuzo linadza m'caka ca 1897. Omasulidwa ambiri analibe kwina kopita, nakhalabe m'minda ya ambuye ao akale, kuthyola karafuu yemweyo. Ufumu wa Asultani unatha pa 12 Januwale 1964, patangopita mwezi umodzi cilandirire ufulu, pamene anthu akuda anaukira boma, ndipo Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa, ena nathawa. Pa 26 Epulo caka comweco Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika kukhala Tanzania. Tsopano Indonesia ndi Madagascar zaposa Zanzibar pa karafuu, ndipo mzindawo udalira kwambiri alendo odzaona, makamaka kuyambira caka ca 2000 pamene bungwe la UNESCO linauwerenga pakati pa malo osungidwa a dziko lonse lapansi.

Njira imene inatenga anthu athu inabwezanso zina. Steere ananyamuka ku Zanzibar m'caka ca 1876 ndi gulu la omasulidwa, kuti awabwezere ku maiko a ku nyanja, koma anatopa pa njira nakhazikika pa Masasi. Mishoni inafika pa Likoma m'caka ca 1885, ndipo anyamata a ku nyanja anayamba kutumizidwa ku sukulu ya Kiungani ku Zanzibar, tsopano osabvala goli. Mmodzi wa iwo ndiye Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anakhala wansembe, nakafera pa nchito ku Msoro m'dziko la Zambia m'caka ca 1913. Cisilamu naco cinadza ndi njira yomweyo, pamodzi ndi migwalangwa ya kokonati imene iima ku Nkhotakota, ndi mau ena amene tiwayesa athu: combo, mzikiti, Ulaya, ndiponso ndalama, imene ophunzira ambiri amati icokera ku dirham ya Aluya. Mau monga nsapato, kalata, mbatata ndi kapitao anadzera khomo lina, la Apwitikizi a pa Zambezi.

Tsiku lakunyamuka ndinagula karafuu wodzala manja awiri pa msika wa Darajani. Wina ndinapatsa amai anga, amene amaika kamodzi pa dzino likamawawa, nati kacita bwino koposa mankhwala a ku sitolo. Wotsalayo ndinamka naye ku sukulu, ndipo ndinagawira mwana aliyense kamodzi kuti anunkhize ndi kulawa. Pamenepo tinafunyulula mapu, ndi kulondola ndi cala kuyambira pa Magomero, kukwera ku Nkhotakota, kuoloka nyanja, kupyola kwa Mataka, kufikira ku Kilwa. Mtsikana wina wa kumbuyo anafunsa kuti anthuwo anali kudya ciani pa njira yonseyo, ndipo belu linalira tisanathe kukambirana.